Akanjenjemera ali ndi kapaipi m'khosi, musathamangire LA

Achimwene anga anayamba kunjenjemera tili m'minibasi, tisanafike n'komwe pamsika wa Ndirande. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, aliyense akudzikupiza ndi chimene wanyamula, koma iwo mano ali gwegwegwe ngati munthu wogona panja ku Dedza mu Juni. Tinkachokera kosefetsa magazi. Impso zawo zinali zitasiya kugwira ntchito, ndiye kawiri pa sabata ankakalumikizidwa ku makina a dialysis kudzera pa kapaipi kamene madokotala anawaika kumanja kwa khosi, kobisika ndi pulasitala kunsi kwa kolala ya shati.

Titafika kunyumba alamu anawafunditsa mabulangete awiri, n'kunditambasulira ndalama. "Alamu, thamangani mukagule LA. Malungo awa, sakuchita kufunsa." Ndani akanawatsutsa? Kwathu kuno munthu akazizidwa, thupi n'kutentha, m'mfundo n'kuphwanya, dzina la matendawo timakhala talitchula kale tisanafike kuchipatala. Chimene chinandiimitsa pakhomo ndi mawu amene namwino wina anandiuza tsiku loika kapaipiko: "Achemwali, bambowa thupi likadzatentha musadzayambe mwaganiza za udzudzu. Mudzabwere nawo, ngakhale pakati pa usiku."

Tinabwerera. Anawabaya chala kuyeza malungo, sanawapeze. BP inali itayamba kutsika. Anawatenga magazi m'mabotolo, ena pamkono, ena pakapaipi penipenipo, n'kuwayambitsa mankhwala a m'diripi usiku womwewo. Patatha masiku awiri yankho linabwera kuchokera ku labu: m'magazi mwawo munali bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, ndipo gwero lake linali kapaipi komweko kamene moyo wawo unkadalira. Pakhosi pamene kanalowera panalibe mafinya, panalibe kufiira, panali poyera bwinobwino. Masabata amene ndinakhala gadiyani pambuyo pake ndinafunsa mafunso mpaka anamwino ankayamba kuseka akandiona ndikubwera, ndipo zambiri zimene ndinamva ndikanakonda ndikanazidziwa tsiku loyamba.

Diripi tonse timaidziwa. Kanyula ya padzanja ndi yaifupi ngati mtengo wa machesi, imakhala mu kamtsempha kakang'ono kunsi kwa khungu, ndipo pakatha masiku ochepa amaichotsa. Kapaipi kamene tikunena pano, kamene achipatala amati central line kapena kungoti "layini", ndi nkhani ina. Mwa munthu wamkulu kamatalika masentimita 15 mpaka 20, tina kuposerapo, ndipo nsonga yake imakathera mumtsempha waukulu wokhuthulira magazi mumtima. Polowera pake palipo patatu: m'khosi, kunsi kwa fupa lopingasa lija lochokera paphewa kupita pachifuwa, ndi m'mphechepeche. Palinso mtundu wina wotchedwa PICC, umene amaulowetsa pamkono pamwamba pa chigongono n'kuukankha mpaka kukafika pafupi ndi mtima. Makanda obadwa masiku asanakwane amawalowetsera pamchombo. Kapaipi ka masiku ochepa amangokasokerera pakhungu. Ka miyezi, monga Hickman kapena ka dialysis kamene amati permcath, amakayendetsa kaye kunsi kwa khungu la pachifuwa kasanalowe mumtsempha, kuti tizilombo tochokera panja titalikiridwe.

Amavutikiranji chonchi pomwe mitsempha ya padzanja ilipo? Nkhani yagona pa kuchuluka kwa magazi. Mukathira botolo la kolorini m'kakhwawa ka kuseri kwa nyumba, udzu wa m'mbali upsa. Botolo lomwelo mukalithire mu Shire pa Walker's Ferry, pamene amapopa madzi athu a mumzinda muno, silingamveke n'komwe. Mankhwala ena ndi aukali chonchi: okweza BP ya munthu amene ali kayakaya m'chipinda cha odwala kwambiri (ICU), monga adrenaline, mankhwala ena a khansa, potassium wochuluka, ndi chakudya cha m'mitsempha cha munthu amene matumbo ake sakugwira ntchito. Mu kamtsempha ka padzanja amaotcha, ndipo akatayikira kunja kwa mtsempha amatha kuwoletsa mnofu. Nawo makina a dialysis amakoka magazi okwana kapu imodzi kapena kuposa pa mphindi iliyonse, maola anayi osalekeza, ndipo kamtsempha ka padzanja sikangapereke mlingo umenewo. Kotero malo osamalira odwala kwambiri akamachuluka, monga Mercy James Centre ya ana imene inatsegulidwa ku chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) mu 2017, nawo mabanja okumana ndi timapaipiti akuchulukirachulukira.

Amene anayamba kusonyeza kuti zimenezi n'zotheka anali dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, amene mu 1929 anadzilowetsa yekha kapaipi pamkono mpaka kumtima n'kuyenda wapansi kukadzijambulitsa X-ray. Akuluakulu ake anamuona ngati wamisala, koma mu 1956 analandira nawo mphoto ya Nobel. Njira imene amaikira masiku ano inachokera kwa Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden mu 1953: kubaya mtsempha ndi singano, kudutsitsa kawaya kofewa mkati mwa singanoyo, kuzula singano, kenako kutsetseretsa kapaipi potsata kawayako. Ndi luso lokongola kulionerera. Koma thupi silinalengedwe kuti mumtsinje wake wa magazi mukhale chinthu cha pulasitiki chimene mbali ina yatulukira panja, ndipo limasonyeza kukana kwake m'njira ziwiri.

Magazi akaundana

Ngalande za m'mbali mwa misewu yathu zimaphunzitsa bwino nkhaniyi. Madzi amayenda bwinobwino mpaka tsiku limene ndodo igweramo. Jumbo imodzi ikodwa, ina ikodwa pa inzake, kenako zikonyo za chimanga ndi mchenga, mvula ikadzabwera madzi ali mumsewu. Kapaipi ndiye ndodoyo. Pasanathe tsiku limodzi kalowereni, timaulusi ta m'magazi totchedwa fibrin timayamba kukakuta ngati sokosi. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Nthawi zina sokosiyo imaphimba nsonga, moti namwino akamakankha mankhwala amalowa, koma akati akoke magazi sabwera. Nthawi zinanso magazi amaundana mkati mwa kapaipi n'kukatseka, kapena, chimene chili choopsa kwambiri, amaundana pakhoma la mtsempha weniweniwo mpaka kuutsekeratu.

Madokotala amaphunzira zinthu zitatu zoundanitsa magazi zimene zimatchedwa ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800: khoma la mtsempha likavulala, magazi akamayenda mochedwa, ndi magaziwo akakhala osachedwa kugwirana. Munthu wa kapaipi amakhala nazo zonse zitatu. Singano inabaya khoma, ndipo nsonga imalikhula mtima ukamagunda. Kapaipi katenga malo, magazi akuchita kupanikizika m'mbali. Ndipo matenda amene anamufikitsa pamenepo, kaya ndi khansa, TB, HIV yosaletsedwa bwino ndi mankhwala, kapena tizilombo m'magazi, amachititsa magazi kuundana msanga. N'chifukwa chake PICC, imene imaoneka yofatsa chifukwa ili pamkono, imaundanitsa magazi kawirikawiri kuposa kapaipi ka m'khosi. Mtsempha wa pamkono ndi wopapatiza, ndiye kapaipi kakadzadza pafupifupi theka lake, magazi amasowa podutsa.

Odwala ambiri amene magazi aundana mozungulira kapaipi samva chilichonse. Amene amamva, mkono wa mbali ya kapaipi umatupa ndi kulemera, wotchi kapena mphete imayamba kuthina, phewa kapena khosi limawawa, khungu limatha kuderako, ndipo pachifuwa pamatuluka timitsempha tooneka ngati mizu chifukwa magazi akufuna njira zolambalala. Mtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima ukatsekeka, nkhope ndi khosi zimatupa, makamaka m'mawa podzuka, mutu n'kumalemera munthu akawerama. Chidutswa cha magazi oundanawo chikaduka chimadutsa mumtima n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amabanika mwadzidzidzi, chifuwa chimabaya akamapuma, mtima umathamanga, nthawi zina amatsokomola magazi. Apa ndi pothamangira kuchipatala osayembekeza kuti kuche.

Mkono ukatupa, manja athu amayabwa kufuna kuthowa ndi madzi otentha, kusisita, ena mpaka kukatemetsa mphini poganiza kuti pali anthu. Zonsezi zisiyeni. Kusisita sikusungunula magazi oundana mkati, ndipo mphini pa munthu amene ayamba kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana ndi bala losaleka kukha. Kuyeza kwake n'kosapweteka: amaika makina a sikani pamtsempha n'kudinikiza. Mtsempha wabwino umaphwatalala, wa magazi oundana umakana.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'choti magazi akaundana, madokotala sathamangira kuchotsa kapaipi. Ngati kakugwira ntchito, nsonga ili pamalo ake, kalibe tizilombo ndipo wodwala akukafunabe, amakasiya n'kupereka mankhwala: jakisoni wa heparin kapena enoxaparin, mapiritsi a warfarin kapena rivaroxaban, kwa miyezi yosachepera itatu, komanso nthawi yonse imene kapaipiko kakhalebe m'thupi. Kuchotsa n'kuika kena mbali ina kumangovulaza mtsempha wachiwiri. Mankhwalawa sasungunula chimene chaundana kale. Amaletsa kuti chisakule pamene thupi likuchigaya lokha pang'onopang'ono.

Warfarin ali ndi nkhani yake kuno kwathu. Amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, chiyezo chotchedwa INR, chimene chimayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Rifampicin, amene ali m'mapiritsi a TB, amafooketsa warfarin kwambiri, ndipo ndi rivaroxaban sagwirizana n'komwe, choncho wodwala TB azinena msanga. Ndiwo zamasamba, kaya bonongwe, nkhwani, mpiru kapena chisoso, zili ndi vitamini K amene amalimbana ndi warfarin. Sikuti munthu asiye masamba ayi, akadya chiyani? Chofunika n'kudya mlingo wofanana sabata ndi sabata, osati mwezi uno mbale yodzadza, mwezi wamawa osalawa. Ndipo aspirin, brufen ndi indocid za pa okala zisayandikire, chifukwa zikakumana ndi mankhwalawa zimatha kukhetsa magazi m'mimba.

Tizilombo tikalowa

Khungu ndi mpanda, ndipo pamwamba pake pamakhala mabakiteriya ochuluka amene sativutitsa chifukwa ali panja. Kapaipi ndi chibowo pampandapo. Tizilombo timalowa m'njira ziwiri zikuluzikulu. M'masiku oyambirira, pafupifupi sabata yoyamba ndi theka, timatsetsereka kunja kwa kapaipi kuchokera pakhungu lozungulira bala. Kapaipi kakakhalitsa, khomo lalikulu limasanduka pakamwa pake, pamene amatsegula chitsekerero kuti alumikize sirinji, diripi kapena makina. Dzanja lililonse logwira pamenepo ndi mwayi wa tizilombo, ndipo mu ICU pamatha kutsegulidwa kambirimbiri tsiku limodzi. Mwa apo ndi apo tizilombo timachokera kwina m'thupi, monga m'mapapo kapena m'chikhodzodzo, n'kudzamata pakapaipi podutsa ndi magazi.

Tikafika sitikhala poyera. Amayi onse amadziwa utelezi umene umamera mkati mwa chigubu cha madzi chikakhala masiku osatsukidwa. Mungatsukuluze kangati, mukapisa chala mupeza pakutererabe, mpaka mutakhula ndi mchenga. Mabakiteriya amachita chimodzimodzi pa pulasitiki. Amadzimangira utelezi wotchedwa biofilm, n'kubisala mkati mwake mmene asilikali a m'thupi salowa, ndipo mankhwala amafikamo mofooka. Apa mpamene ndinamvetsa za m'minibasi zija. Makina atathamangitsa magazi mu kapaipi kwa maola anayi, zidutswa za utelezi uja zinkakokoloka kulowa m'magazi, thupi n'kuyankha ndi kunjenjemera. Kuzizidwa kumene kumayamba makina ali mkati mosefa, kapena patangopita kanthawi namwino atatsuka kapaipi ndi sirinji, ndi chizindikiro champhamvu choti vuto lili mu kapaipi. Ndipo popeza zonse zikuchitikira mkati, khungu la panja limatha kuoneka labwino ngati la achimwene lija. Mafinya akaoneka ndi umboni, koma kusaoneka kwake sikutsimikizira chilichonse.

Ngakhale chiyezo cha malungo chitasonyeza kuti alipo, nkhani ya kapaipi siinathe. Munthu wa ku Blantyre amatha kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pamodzi ndi matenda ena. Wodwala wa kapaipi amene thupi lafika madigiri 38, kapena akunjenjemera, akusokonezeka mutu, akupuma mofulumira, ayenera kutengedwa magazi okafesa ku labu kuti aone ngati mumera tizilombo, ndipo magaziwo atengedwe mankhwala asanayambe. N'chifukwa chake amoxicillin kapena bactrim wotsala m'kabati ndi mdani pa nthawi ngati imeneyi: sapha tizilombo ta mu utelezi, koma amakwanitsa kutibisa kuti labu isatipeze. Mabotolo awiri aja, la pamkono ndi la pakapaipi, ali ndi cholinga. Ngati tizilombo tamera m'botolo la pakapaipi maola awiri kapena kuposa tisanamere mu linzake, ndiye kuti chisa chake ndi kapaipiko.

Dzina la kachilombo ndi limene limagamula tsogolo la kapaipi. Mabakiteriya ofatsa a pakhungu nthawi zina amagonja kapaipi kali momwemo, makamaka ka miyezi kamene n'kovuta kusintha. Amapereka mankhwala m'magazi, n'kudzadzanso ena amphamvu mkati mwa kapaipi kuti agonemo. Koma Staphylococcus aureus, Pseudomonas ndi fangasi wotchedwa Candida sanyengereredwa: kapaipi kamachoka. Staphylococcus aureus ndi woipa chifukwa sakhala malo amodzi. Amakamata pa zitseko za mkati mwa mtima, m'mafupa a msana, m'mfundo, n'kudzaonekera patapita masabata munthu akuyesa wachira. Mankhwala ake ndi a m'mitsempha, masiku osachepera 14, ndipo ngati wafika kumtima kapena m'mafupa ndi masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Achimwene anajambulidwa mtima kaamba ka zimenezi. Atayamba kupeza bwino pa tsiku lachisanu anayamba kulimbikira zotuluka, adokotala n'kuwauza mwaulemu kuti, "Bambo, thupi lazizira koma mlendo uja sanatsanzike."

Mavuto awiriwa, kuundana kwa magazi ndi tizilombo, amadyetsana. Sokosi ya fibrin ija ndi mphasa yabwino yogonapo mabakiteriya, ndipo tizilombo tikatupitsa khoma la mtsempha magazi amaundana msanga. Zikakumana, magazi oundanawo amasanduka nkhokwe ya tizilombo, moti ngakhale kapaipi katachotsedwa thupi limapitiriza kutentha. Wodwala amene sakuzizira patatha masiku atatu kapaipi katachoka, akulandira mankhwala oyenera, amafunika sikani ya mtsempha ndi ya mtima.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikutikhudzira ife a ku Blantyre kuposa munthu wa ku London. Kuyambira 1998, akafukufuku a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akufesa magazi a odwala otentha thupi ku Gulupu n'kumasunga zotsatira, ndipo mu 2017 anasindikiza zimene anapeza kufika 2016. Mwa mabakiteriya a Klebsiella opezeka m'magazi, amene anali ndi mphamvu yogonjetsa mankhwala a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 alionse mu 2003. Pofika 2016 anali atadutsa 90. E. coli anachoka posakwana 1 pa 100 kufika pa 30. Staphylococcus aureus wosamva mankhwala wamba, amene amati MRSA, anali 18 pa 100. Ziwerengerozi ndi za matenda onse a m'magazi, si za timapaipi tokha, koma Klebsiella ndi mmodzi mwa tizilombo tokonda m'mawodi ndi pa pulasitiki. Ceftriaxone ndiye jakisoni amene timadalira munthu akadwalika. Iye akalephera pamafunika mankhwala ngati meropenem, okwera mtengo ndiponso osapezeka paliponse. Kwina kachilombo kakalowa amakhala ndi mankhwala achiwiri, achitatu, achinayi pashelefu. Kuno mzerewo ndi waufupi.

Zisanu za ku Michigan

Kwa zaka zambiri madokotala ankaona matenda a m'magazi obwera ndi timapaipi ngati msonkho wosathawika wa ICU. Anasintha maganizowa ndi dokotala wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, Peter Pronovost, pa ntchito imene anachita m'ma ICU 103 a m'chigawo cha Michigan ku America, imene zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Sanabweretse makina atsopano. Anangolemba zinthu zisanu papepala: woika kapaipi asambe m'manja; avale chipewa, chophimba pakamwa, gauni ndi magolovesi ophikidwa, wodwalanso afunditsidwe nsalu yophikidwa thupi lonse; khungu litsukidwe ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa chlorhexidine; m'mphechepeche mupewedwe ngati kuli kotheka; ndipo kapaipi kamene ntchito yake yatha kachotsedwe. Amawerenga matendawa pa masiku 1,000 alionse amene odwala akhala ndi kapaipi. Chiwerengero chinatsika kuchoka pa 7.7 kufika pa 1.4 m'chaka chimodzi ndi theka.

Zisanuzo dokotala aliyense ankazidziwa kale. Chatsopano chinali choti namwino anapatsidwa mphamvu yoimitsa dokotala akalumpha chimodzi, akuluakulu a chipatala ali pambuyo pake. Ine ndikuona kuti mbali imeneyi ndiyo yovuta kwambiri kwathu kuno, kuposa kugula chlorhexidine. Tinaleredwa kuti wamkulu salakwa, ndipo namwino wongotuluka kumene ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuti auze dokotala wa imvi kuti, "Pepani adokotala, magolovesiwo akhudza bedi," pamafunika chilolezo chochokera pamwamba, osati kulimba mtima kwake kokha. Tisaiwalenso kuti namwino mmodzi akamayang'anira odwala ambiri usiku, masekondi 15 opukuta pakamwa pa kapaipi ndi sipiriti, n'kudikira kuti paume, amaoneka ngati chaka. Koma masekondi amenewo ndiwo amatchinga njira yachiwiri ija ya tizilombo, ya pakamwa pa kapaipi.

Za malo oika, palibe pabwino popanda mtengo wake. Kafukufuku wa ku France wa odwala oposa 3,000, amene anatuluka mu 2015, anapeza kuti kunsi kwa fupa la paphewa ndiko kumabweretsa tizilombo ndi kuundana kwa magazi kochepa, koma ndikonso singano imaboola phapo kawirikawiri, chifukwa nsonga ya phapo ili pompo. M'mphechepeche n'mosavuta pa ngozi, koma ndi monyowa ndiponso moyandikana ndi njira za chimbudzi. Kwa odwala impso malamulo amatembenuka. Mtsempha wa kunsi kwa fupa uja amaupewa, PICC amaipewanso, chifukwa mitsempha imeneyi ikachita chipsera n'kupapatiza, mkono wonsewo umakhala wotayika pa dialysis ya m'tsogolo. Munthu wa impso mitsempha yake ili ngati minda ya makolo: ndi yowerengeka, ndipo umene wawonongeka subwerera.

Chachisanu chija, chochotsa kapaipi, ndi chimene gadiyani angathandizepo. Tsiku lililonse limene kapaipi kagona m'thupi limawonjezera mpata wa tizilombo ndi wa magazi kuundana, koma wodwala akayamba kupeza bwino kamaiwalika, kapena kamasungidwa chifukwa n'kosavuta kutengerapo magazi. Madokotala akamazungulira m'mawa, palibe mwano kufunsa kuti, "Adokotala, kodi layiniyi ikufunikabe?" Dokotala wabwino funso limeneli amalilandira, chifukwa ndi lomwe iyenso amayenera kudzifunsa.

Wodwala akatuluka nako kupita kunyumba, ntchito imagwera ife. Pulasitala yoonekera mkati imasinthidwa pa masiku 7, ya gozi pa masiku awiri, ndipo iliyonse ikanyowa, ikada kapena ikamatuka m'mbali imasinthidwa tsiku lomwelo, ndi namwino. Pano mpamene ife tinagwa nayo, ndikamakumbukira. Thukuta la Okutobala linkamatula pulasitala m'makona, ife n'kumangoidinikiza ndi chala kuti ifike tsiku la dialysis. Achimwenenso, munthu wozolowera kudzikhuthulira ndowa kumutu, ankaphimba pakhosi ndi jumbo n'kumasamba mmene anazolowerera. Jumbo siletsa madzi. Munthu wa kapaipi amasamba ndi kansalu kumtunda, madzi othira amayambira m'chiuno, ndipo zosambira kunyanja kapena kudamu ndiye ayi. Zitsekerero ndi timakilipu ta pakapaipi sizitsegulidwa kunyumba, ndipo kapaipi ka dialysis si kobayirapo jakisoni wina aliyense, ngakhale pa kiliniki ya pafupi atavutika kupeza mtsempha. Lumo ndi sizasi zikhale kutali. Kapaipi kakang'ambika kapena chitsekerero chikagwa, finyani kapena pindani kapaipiko pakati pa pong'ambikapo ndi khungu, mugoneke wodwalayo chakumanzere, chifukwa mpweya ukakokedwa kulowa mumtsempha waukulu umatha kupha. Kakazuka konse, mugonekeni, dinikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osasiya, n'kufuna galimoto.

Achimwene anawaika kapaipi kena kakanthawi, kenako permcath kumbali ina magazi atayera, koma adokotala anatiuza poyera kuti kapaipi kalikonse ndi kongodikirira. Njira yokhalitsa ndi fistula, imene madokotala a ku New York, Brescia ndi Cimino ndi anzawo, anailengeza mu 1966: dokotala wa opaleshoni amalumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi wobwerera kumtima pamkono, wobwererawo n'kukula ndi kulimba mpaka kumatha kubayidwa ndi singano za makina. Mulibe pulasitiki, ndipo khungu limatsekeka dialysis ikatha, n'chifukwa chake matenda a m'magazi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kapaipi. Imafuna masabata asanu ndi limodzi kapena miyezi ingapo kuti ikhwime, ndipo si zonse zimene zimakhwima. Yawo inakhwima. Pamkono umenewo sayezerapo BP, satengapo magazi, sautsamira pogona, ndipo m'mawa uliwonse alamu amaika zala pachipserapo kumvetsera ngati pakunjenjemera ngati foni ikulira m'thumba. Tsiku limene pangakhale zii, adokotala anatiuza kuti tisadikire la dialysis.